Mchere wa Pambali

Lachiwiri pa 14 Okutobala 2025, Mayi Clotilda Zuze anatsegulanso chisakasa chawo chogulitsiramo chakudya pa Sorgin, m'dera la Mbenje. Anali atatseka kuyambira mu Seputembala, pamene amuna awo anamwalira. Tsiku limenelo anaphika monga ankachitira kale, koma wodya anali mmodzi yekha.

Munthuyo anali Yasini Mbwana, wokonza mijigo. Kwawo kunali ku Ntaja, koma anali atatha zaka akuyenda pa njinga yamoto m'chigwa cha Shire, kuchokera pa Ngabu mpaka ku Marka, masipanala ndi ndodo za mjigo atamangirira kumbuyo. Munthu wa ntchito yotere dziko amalidziwira m'mimba. Ankadziwa chiwaya cha pa Ngabu chimene mafuta ake sagonera, ndiponso wowotcha mbuzi amene amaitana Msilamu kudzachinja. Ankadziwa kuti pa boma la Nsanje mpunga umatha msanga chifukwa cha a m'maofesi, ndi kuti ku Tengani mbatata yowotcha ya kudimba imatsekemera kuposa ya kumtunda. Masiku ena nkhomaliro yake inkangokhala zitumbuwa ndi madzi a mjigo umene wangoukonza, ofunda ngati tiyi wa dzulo. Koma njira ikalola, ankafuna kuti dzuwa la pamutu limupeze pa Sorgin.

Chisakasacho chinali pansi pa mtengo wa nimu, kufupi ndi msewu waukulu. Denga linali la masamba a mgwalangwa. Mabenchi ndi matebulo anakhoma ndi malemu Bambo Zuze, amene anali mmisiri wa matabwa. Mayi Clotilda ankaphika nsima ya mapira, khobwe wotendera ndi chitowe, ndi mlamba wowamba umene ankauwiritsa ndi bwemba mpaka msuzi kuchita kukakamira pa zala. Mphika wa nkhumba unali ndi mafuwa ake ndi supuni yake kumapeto kwa chisakasa, ndipo Yasini sanaonepo supuni imeneyo italowa mumphika wina. N'chifukwa chake pamenepa ankadya mtima uli m'malo.

Tsiku lotsegulalo anapepesa maliro monga kuyenera. Mayiwo anayankha mwachidule, nabwera ndi madzi osamba m'manja, namupakulira nsima ndi mlamba. Yasini ananyema, nasunsa, natafuna. Kenako anaima.

"Mayi, lero mchere wakuthawani."

"Sunathawe, Che Yasini. Uli apo. Thirani nokha."

Pakati pa tebulo panali kambale kachitsulo. Munali mchere wosinja mpaka kusalala ngati ufa, wosakaniza ndi chitowe chokazinga ndi tsabola wa kambuzi pang'ono. Yasini anatsina, nawaza pa nsombayo. Mcherewo unasungunuka nthawi yomweyo, osasiya timibulu tolumika m'mano. Anadya, napempha zina.

Potuluka anaitanidwa ndi Sebastiano, wa kabaza wa pamenepo, amene kale sankaphonya nkhomaliro ya Mayi Clotilda. Tsikulo anali tsidya lina la msewu, akumeza mandasi ouma atatsamira njinga yake.

"A Mjigo! Wadyadi?"

"Ndadya. Nanga inu nonse mukusala? Ramadani yanu yayamba liti?"

"Seka bwino, shamwali. Miyendo ikatupa usadzati sitinakuuze."

Sebastiano anafotokoza motsitsa mawu. Kuno munthu akamwalira, imfa imatsala pakhomo mpaka atachita mwambo wa kupita kufa. Mkazi wamasiye amagona ndi mwamuna amene abale asankha, ndipo pokhapo katundu wa malemu amamasuka, dzanja la mkaziyo nalonso limamasuka. Mafumu ambiri analetsa mwambowo, koma mantha sanamve kuti aletsedwa. Mayi Clotilda anakana pamaso pa abale onse a amuna awo. Tsono anthu ankati mchere wothiridwa ndi dzanja lawo ukhoza kudula munthu: kutsokomola, kutupa, kuwonda.

"Ndiye n'chifukwa chake sakuthira?" anafunsa Yasini.

"Eya. Mayi aja mutu ali nawo. Koma ine ndiyambe ndaona ngati iwe ufike Lachisanu."

Lachisanu Yasini anabweranso kuchokera ku Bangula. Sebastiano anamuuza kuti akweze thalauzi, namudina m'mapazi ndi chala ngati namwino wa kusikelo, anzake a kabaza akuseka. Atatha, Sebastiano anawoloka msewu, nakhala pa benchi, nasamba m'manja.

Kuphika kopanda mchere si masewera. Khobwe wosathira amangomveka madzi okhaokha, ndipo mchere wa pamwamba kawirikawiri sulowa. Yasini, amene ankakonda kuonetsetsa momwe chinthu chimagwirira ntchito, anayamba kuona zimene mayiwo anasintha. Therere anasiyiratu, chifukwa limafuna chidulo, ndipo anthu chidulo amachiwerengera pamodzi ndi mchere. M'malo mwake ankaphika chitambe chotendera. Anyezi ankamukazinga mpaka kufiira asanaike kanthu kena. Tomato wina ankamuyanika padzuwa kuti akome kwambiri. Mitu ya mlamba sankataya: ankaiwiritsa payokha m'mawa, ndipo madzi ake ndi amene ankaphikira khobwe. Msuzi ankausiya wamadzi pang'ono kuposa kale, kuti mchere wa pambali upeze polowera. Sanalembe chikwangwani, sanaitane munthu. Ankangopakula, n'kukankhira kambale kaja pafupi.

Tsiku lina Yasini anawafunsa. "Koma inuyo, mayi, mumakhulupirira zoti dzanja lanu lingadule munthu?"

"Amuna anga anamwalira ndi shuga, kuchipatala anatiuza," anatero Mayi Clotilda akusonkhezera moto. "Ine mchere sindiuopa. Koma wodya ali ndi mantha sakhuta, Che Yasini. Ntchito yanga ndi kukhutitsa anthu, kutsutsana nawo ndi ntchito ya ena."

Anthu anabwerera pang'onopang'ono. Anayamba a kabaza, kenako ogula ng'ombe, kenako amayi ogulitsa nsomba. Womalizira anali Ethel, wogulitsa tomato, amene anali ndi khanda kumsana. Woyamwitsa ndiye amasamala kwambiri za mchere, chifukwa anthu amati khanda silichedwa kudulidwa. Ethel atakhala pansi n'kudya, aliyense pamsikapo anaona, ndipo mawa lake mabenchi anadzaza.

Lachinayi pa 30 Okutobala kunabwera Gabriel Zuze, mng'ono wa malemu, mlimi wa thonje wa ku Phokera. Anaimika njinga yake yakapalasa patali ndi mabenchi, napereka moni, napempha kuti alankhule ndi alamu ake kuseri kwa chisakasa. Chimene anadzera chinkadziwika. Chisakasa ndi mabenchi anali katundu wa malemu, ndipo abale ambiri ankafuna kuti zitsekedwe mpaka mwambo utachitika. Anali atapangana kukumana Lamulungu lotsatira, ndipo anatuma Gabriel kuti akaone ndi maso ake. Sanali munthu wankhanza. Mwana wake anali akutsokomola chichokereni kumaliro, ndipo akazi ake sankamupatsa mtendere.

Mayi Clotilda asanapite kuseriko anapakulira gulu la amuna okoka mawaya a magetsi, a ku Blantyre, amene lole yawo inali itangoima. Yasini anali pa benchi la pafupi ndi moto. Sebastiano anali patebulo lomwelo. Ethel anali ataima ndi mbale yake, akudikira kuti amupakulire.

Kapitawo wa a mawayawo analawa, nakwinya nkhope.

"Kodi kuno mchere udakwera mtengo?"

"Uli m'kambaleko, bwana," anatero Sebastiano. "Wazani."

"Za kuwaza pamwamba ndi za kuchipatala. Ndiwo zimathiridwa zili pamoto. Anyamata, tiyeni kuchiwaya kuja."

Anayamba kudzuka. Yasini anaona mabenchi awiri akufuna kukhala opanda anthu, tsiku lomwelo limene mlamu wabwera kudzayendera. Maganizo ake anayenda mofulumira, ndipo kwa iye anaoneka olongosoka. Dzanja limene anthu akuliopa ndi la mayiwo. Lake linalibe maliro. Anadzuka, napisa m'thumba la mchere limene linali pansi pa tebulo lophikira, natapa wodzaza dzanja, naponya mumphika waukulu wa mlamba, natakasa ndi mthiko.

"Khalani pansi, abwana, ziwire pang'ono," anatero mokweza. "Ndipo nonse mwaona. Wathira ndine, osati mayi."

A mawaya anakhala pansi. Koma Ethel anatsitsa mbale yake pang'onopang'ono, naibisa kuseri kwa chitenje.

"Iii, a Mjigo," anatero Sebastiano. "Wawononga."

"Ndawononga chiyani? Kwathu kulibe maliro."

"Maliro ulibe, inde. Dzulo unagona kuti?"

"Ku resitihausi, pa Ngabu."

"Dzana?"

"Ku Nsanje."

"Ndipo mkazi wako ali ku Ntaja. Tsono ndani pano angalumbire kuti dzanja lako ndi lozizira? Mayi aja timadziwa kumene amagona. Iwe amadziwa ndi njinga yako yokha."

A ku Blantyre anaseka mpaka kugwira matebulo. Ethel sanaseke. Pamenepo Yasini anazindikira. Lamulolo ankalidziwa kuyambira ali mwana: ngakhale ku Ntaja, munthu amene wagona ndi wina usiku sathira mchere m'ndiwo zodya woyamwitsa. Koma kwawo mwamuna sayandikira mphika, ndiye sanaganizepo kuti lamulolo lingamukhudze iye. Ankadziwa kuti m'maresitihausi monsemo ankagona yekha, masipanala ali kumutu. Koma zimenezo sizioneka pa dzanja.

Mayi Clotilda anatulukira kuchokera kuseri, Gabriel ali pambuyo. Anayang'ana nkhope za anthu, nayang'ana Yasini, amene anali adakagwira mthiko.

"Mayi," anatero Ethel, "ndiye kuti mukangotembenuka miphika yanu imathiridwa? Ine masiku onsewa ndimadya chiyani?"

Funsolo linali lalikulu kuposa mphika umodzi. Likanatuluka m'chisakasamo lopanda yankho, pofika madzulo likanakhala litafika ku Bangula, ndipo Gabriel akanakhala ndi zokanena Lamulungu.

Mayiwo sanakalipe. Anafunsa funso limodzi lokha.

"Uti?"

Yasini analoza mphika wa mlamba.

"Wina ayi?"

"Ayi, mayi. Wokhawo."

Mayi Clotilda anatenga nsanza ziwiri, naphula mphikawo, nauika patebulo la a mawaya, wathunthu, ndi mthiko womwe. Unali mphika wawo waukulu kuposa yonse, ndipo munali nsomba za tsiku lonse.

"Abambo a ku Blantyre, munafuna zothira pamoto. Nazi. Mudye ndi Che Yasini, mumalize." Kenako anatembenukira kwa Yasini. "Mukatha, mphikawo mumange panjinga pamodzi ndi mthiko. Ndi wanu tsopano. Pamafuwa anga subwereranso."

Anawerama, nanyamula thumba la mchere, naliika m'manja mwa Ethel.

"Mwana wanga, khala apa pafupi ndi moto. Thumba ili uligwire iwe. Maso ako asachoke pa manja anga."

Ethel anakhala, thumba lili pamiyendo, khanda likugona kumsana.

Mmodzi wa amayi ogulitsa nsomba anali ndi makakana aawisi, nsomba za mu Shire, m'beseni, pansi pa tebulo. Mayi Clotilda anasankha aakulu, nawapala mamba ndi msana wa mpeni, nawatumbula, nawang'amba pamsana kuti atambasuke. Anakokera makala pambali, nayala waya, nagoneka nsombazo khungu lili pansi. Pamafuwa anaikapo chiwaya chaching'ono chimene anachitsuka anthu onse akuona. Anyezi anayamba, mpaka kufiira. Kenako tomato wa Ethel yemweyo, wakupsa kwambiri, wofinya ndi dzanja. Bwemba anamufikisa m'madzi ofunda, nasefera madzi ake m'chiwayamo, njere n'kutaya kunja. Sankathamanga, koma dzanja lawo silinkabwerera pamalo kawiri. Nsomba zitayamba kudontha mafuta anazitembenuza ndi zala, kamodzi kokha, kenako nazitsetsereza mumsuzi zikadali kulira. Pamwamba anawaza chitowe chosinja. Fungo linadzaza chisakasa mpaka a kabaza a tsidya lina anatembenuka.

Yasini ankaona zonsezi ali pakati pa a mawaya, mbale ya mlamba wake wamchere ili patsogolo. Manyazi anali atamugwira, komabe maso sanawachotse. Anali atakonzapo mijigo anthu a mudzi wonse atamuzungulira, ena akumunena, ndipo ankadziwa momwe sipanala imatererera m'manja nthawi yotero. Manja a mayiwo sanatererepo.

Mbale yoyamba anaipereka kwa Gabriel.

"Alamu, mwapalasa mtunda wautali. Sambani."

Gabriel anayang'ana mbaleyo, nayang'ana mabenchi amene mkulu wake anakhoma. Pa benchi sanakhale. Anapita pa muzu wa nimu, nakhala pamenepo, natambasula manja kuti amuthirire madzi. Mayi Clotilda anamuikira kambale ka mchere pafupi ndi phazi.

Gabriel ananyema nsima, nasunsa, nadya. Ananyemanso.

"A Zuze, mchere uwo," anatero Sebastiano.

"Nkhabe," anakana Gabriel m'Chisena, osadzutsa mutu.

Anadya nsomba yonse osakhudza mchere, wa alamu ake kapena wa wina aliyense. Anayamwa mutu, naika minga pambali mwadongosolo, napukuta msuzi ndi nsima yotsala. Anthu ankayesa kudya zawo, koma aliyense diso linali pa muzu wa nimu.

"Zopanda mchere zimenezo, a Zuze, mwazitha bwanji?" Sebastiano sanathe kupirira.

"Iwe uzipalasa njinga. Za ndiwo uzisiyira odziwa." Kenako Gabriel anatembenukira kwa mayiwo. "Takhuta, alamu."

Ethel anapereka mbale yake. Anatsina yekha m'kambale, nawaza, nadya, thumba lija lidakali pamiyendo.

Gabriel atasamba m'manja anaimirira, nalankhula mosakweza, koma onse anamva.

"Ndikanena zimene ndaona. Ndikanena kuti mwachotsa mphika wathunthu pamoto chifukwa cha mchere wa munthu wina, komanso kuti woyamwitsa wadya. Za mabenchi ndikanenanso, chifukwa akandifunsa. Koma wogamula si ine."

"Mukanenenso kuti mwambo uja sindichita," anatero Mayi Clotilda.

"Zimenezo akudziwa kale."

"Mwana akutsokomolabe?"

"Akutsokomola."

"Mupite naye kuchipatala, alamu. Musadikire Lamulungu."

Gabriel anakwera njinga yake, nalowera njira ya ku Phokera.

A mawaya anamaliza mphika wonse, namwa madzi a mumtsuko mpaka kuugwedeza. Lole yawo itanyamuka, Yasini anatsuka mphikawo yekha ndi mchenga kuseri kwa chisakasa, naumangirira pamwamba pa ndodo za mjigo. Kenako anabwerera, navula chisoti.

"Mayi, ndalakwa."

"Mwalakwa ndithu," anatero mayiwo akukolopa tebulo. "Ndipo mwalakwa kawiri. Munachulutsa. Anthu aja andimwera madzi onse."

"Ndikugulirani mphika wina ku Ngabu."

"Mukagula, mubwere nawo uli m'pepala lake, muupereke kwa Ethel autsegule. Inu muzikhala benchi lakumapeto, kutali ndi moto."

"Limene lili pafupi ndi mphika wa nkhumba?" anafunsa Sebastiano.

"Ayi, iwe. Limenelo ndi lako."

Lamulungu pa 2 Novembala abale a malemu Zuze anakumana ku Phokera. Yasini anamva za msonkhanowo Lachiwiri, kwa Sebastiano, amene anamva kwa mkazi wa Gabriel. Gabriel anafotokoza zonse monga analonjezera, osachotsa, osawonjezera. Ena anati mabenchi ndi matebulo zichotsedwe zikasungidwe, mayiwo apitirize kuphika ndi zawo zatsopano. Ena anati denga nalonso anafolera ndi malemu, ndiye chisakasa chonse chitsekedwe. Mlongo wa malemu anati mkazi wosamala mchere chotero sangaphe munthu, ndipo amusiye. Sanagwirizane. Anatumiza uthenga kwa amalume awo aakulu, amene amakhala tsidya la Shire, ku Mozambique, kuti mawu omaliza achokere kwa iwo. Podikira yankho, sanalamule kuti atseke, ndiponso sananene kuti asatseke.

Mayi Clotilda anapitiriza kuphika. Mvula yoyamba itagwa anayamba kugulitsanso bonongwe ndi mkhwani wanthete, ndipo ogwira ganyu m'minda ankabwera ndi matope m'mapazi. Pofika pakati pa Disembala madzi a Shire anali atayamba kukwera, mabwato akuwoloka mwa apo ndi apo, ndipo yankho la amalume linali lisanafike.